Njerwa za Brunel Pansi pa Mtsinje wa Thames

Tsiku la 24 Malichi 1995 ndilo limene kampani ya London Underground idasankha kuti iyambe kukonza ngalande ya sitima yodutsa pansi pa mtsinje wa Thames, pakati pa Wapping ndi Rotherhithe mu mzinda wa London. Ntchitoyo idali yosavuta kuifotokoza: kupopera konkire m'makoma ndi kudenga konse mpaka zakale zonse zitabisika. Koma tsiku lomwelo boma la Britain lidalemba ngalandeyo m'kaundula wa zomanga zakale zotetezedwa ndi lamulo, m'gulu lotchedwa Grade II*, ndiye kuti kuyambira pamenepo padalibe amene akadasintha maonekedwe ake popanda chilolezo. Mainjiniya adangoti kakasi. Sitima zidaleka kuyenda monga momwe adakonzera, koma njanji imene ankati itsekedwa kwa miyezi yowerengeka idakhala chitsekere zaka zitatu.

Akadaulo a chinenero a m'bwalo lathu lino sachedwa kugwira munthu pakamwa, choncho ndiyambe ndalongosola liwu. Ambirife tikamva kuti ngalande timaganiza za mchera wa madzi m'mbali mwa msewu. Pano ndikunena njira yoboola pansi, yokhala ndi makoma ndi denga, imene munthu, galimoto kapena sitima imalowera uku n'kukatulukira uko, monga una wa mfuko. Zambiri zimaboola mapiri. Iyi idaboola pansi pa madzi, ndipo idali yoyamba pa dziko lonse kudutsa bwinobwino pansi pa mtsinje woyendamo zombo. Nchifukwa chake mkangano wa 1995 udakula chotere. Ena ankaona njira ya sitima yodontha imene tsiku lina ingathe kumiza anthu. Ena ankaona kholo la ngalande zonse za pansi pa mizinda, limene amisiri ankafuna kuliphimba kumaso ndi matope. Kuti timve bwino mlanduwu tiyenera kubwerera m'mbuyo, pakuti ngalande imeneyi idayamba kukonzedwa isanathe n'komwe kumangidwa.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 doko la London lidali lotanganidwa koopsa. Katundu ankatsitsidwa tsidya lino ndi tsidya lina, koma ngolo yofuna kuoloka inkayenera kuzungulira mpaka ku London Bridge, kumene akavalo ndi anthu ankapanikizana tsiku lonse. Mlatho wakumunsi sukadatheka, popeza zombo za masiku amenewo zidali ndi milongoti italiitali ya matanga. Tsono maso adayang'ana pansi. Mu 1807 ndi 1808 Richard Trevithick, katswiri wa migodi wa ku Cornwall, adakumba kangalande kopapatiza kuchokera ku Rotherhithe, nafika mamita oposa 300, koma madzi ndi mchenga zidamuthamangitsa. Akatswiri ena atafunsidwa maganizo adagamula kuti ntchito yotere njosatheka.

Amene adatsutsa chigamulocho adali mlendo. Marc Isambard Brunel adabadwira ku France mu 1769, adathawa chipwirikiti cha kwawo mu 1793 napita ku New York, ndipo adafika ku England mu 1799. Akuti ali pa malo okonzera zombo ku Chatham adatola thabwa lodyeka nayang'anitsitsa kachilombo ka m'nyanja kotchedwa teredo, kamene kamaoneka ngati nyongolotsi ngakhale kali m'banja la nkhono. Kachilomboka kamaboola thabwa ndi zigoba zolimba za kumutu kwake, kwinaku kakuzira njira imene kadutsamo ndi laimu wotuluka m'thupi mwake, kuti thabwa likafufuma lisakaphwanye. Mu 1818 Brunel adalembetsa luso lake la chishango chokumbira, lotengera nzeru yomweyo: kutsogolo chitsulo, kumbuyo njerwa, ndipo dothi lisapeze mpata ndi pang'ono pomwe. Munthuyu nzeru adali nazo, koma ndalama zinkamupulumuka m'manja. Mu 1821 adakhala m'ndende ya angongole, ndipo boma lidamuombola litamva kuti mfumu ya ku Russia ikufuna kumutenga.

Ntchito idayamba mu Malichi 1825 ku Rotherhithe. M'malo mokumba chitsime n'kuchimangira njerwa pambuyo, Brunel adamanga nsanja yozungulira ya njerwa pamtunda, ya mamita 15 m'mimba mwake, nauza anthu kuti azikumba dothi m'kati mwake. Nsanjayo inkamira yokha ndi kulemera kwake, anthu a mu mzinda akubwera kudzaonerera. Pansi pa chitsimecho adaikapo chishango, chimene chidasulidwa ku fakitale ya Henry Maudslay. Chidali ndi zigawo 12 zachitsulo zoimikidwa mondondozana, chilichonse chokhala ndi tizipinda titatu tosanjikizana, tonse pamodzi 36, ndipo m'kachipinda kalikonse munkaima munthu mmodzi. Kutsogolo kwake kudali timatabwa totsekera dothi. Iye ankachotsa kathabwa kamodzi, n'kupala dothi pafupifupi masentimita 11, n'kukabwezera, n'kuchotsa kotsatira. Onse akatha, chigawocho chinkakankhidwa ndi majeke otsamira pa njerwa zimene amisiri adangomanga kumbuyo. Pa sabata ankayenda mamita atatu kapena anayi zinthu zikakhala bwino. Njerwazo ankazimata ndi simenti yotchedwa Roman cement, imene imagwira msanga ngakhale pachinyezi, ndipo pomaliza zidalowamo njerwa zoposa 7 miliyoni.

Oyeza nthaka adalonjeza dongo lolimba. Chimene okumba adapeza chidali dongo apa, miyala yaing'ono apo, mchenga wamadzi kutsogolo. Kuonjezera apo, pansi pa mtsinjewo padali maenje amene adasiyidwa ndi anthu okumba miyala yolemeretsa zombo, kotero kuti m'malo ena pakati pa mutu wa wokumba ndi madzi padatsala dothi lochepa zedi. Mafupa, malasha ndi zidutswa za mbale zimene zidatayidwa mu mtsinje zinkagwera m'tizipinda ta chishango. Ndipo Thames wa nthawi imeneyo adali chimbudzi cha mzinda wonse. Madzi odonthawo ankanunkha, ankadwalitsa anthu m'mimba ndi m'maso, ndipo mpweya woipa wotuluka m'matope nthawi zina unkayaka ukakumana ndi nyali.

Pa 18 Meyi 1827, atakumba mamita 167, mtsinje udalowa. Palibe amene adafa, koma ngalande yonse idadzaza. Apa ndi pamene kukonza koyamba kudachitikira, ndipo amene adatsogolera adali mwana wa Marc, Isambard Kingdom Brunel, mnyamata wa zaka 21, msinkhu wa ambiri a ife amene tikuwerenga magazini ino. Adabwereka chibelu chachitsulo chotsikira nacho pansi pa madzi, nakhala m'katimo pamodzi ndi mpweya wotsekeredwa, natsika kukaona bowolo ndi maso ake. Mankhwala ake adali achikale: matumba a dongo zikwizikwi oponyedwa kuchokera m'mabwato mpaka bowo litatsekeka, kenaka mapampu n'kuyamba kukoka madzi. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho adakonza phwando m'ngalandemo, alendo pafupifupi 50 akudya pa matebulo, gulu la asilikali likuimba malipenga, okumbawo akudyera m'njira inayo. Cholinga chidali chakuti eni ndalama aone kuti zonse zili bwino. Patangopita miyezi iwiri, pa 12 Januwale 1828, madzi adabweranso mwaukali woposa. Anthu 6 adafa. Isambard adakokoloka mpaka ku chitsime kumene adamuvuula atavulala kwambiri, ndipo sadabwererenso ku ntchitoyo. Adatsekanso bowo ndi dongo, koma thumba la kampani lidali litauma. Mu Ogasiti 1828 adamanga khoma kutsogolo kwa chishango, naikapo galasi lalikulu loonera kuti alendo olipira sheleni imodzi aziona ngati ngalande ikupitirira. Idagona choncho zaka 7.

Zotsatira tingazidutse mwachangu. Boma lidabwereketsa mapaundi 247,000 kumapeto kwa 1834, adasula chishango chatsopano, ndipo mtsinje udalowanso kanayi pakati pa 1837 ndi 1840. Nthawi zonse mankhwala adali omwewo, dongo pamwamba ndi mapampu pansi. Adafika ku Wapping mu 1841, chaka chimene Mfumukazi Victoria idapatsa Marc ulemu wa Sir, ndipo pa 25 Malichi 1843 ngalande idatsegulidwa: mamita 396 m'litali, 11 m'lifupi, 6 m'mwamba, yokhala ndi njira ziwiri zoyandikana zolumikizidwa ndi zipata zokhota pamwamba.

Koma ngolo zimene adaimangira sizidalowemo ngakhale tsiku limodzi. Ndalama zomangira misewu yotsetsereka yotsikira m'katimo padalibe. Zaka 18 za thukuta ndi maliro zidabala njira ya oyenda pansi, otsika pa masitepe atalipira kobiri limodzi. Tsiku loyamba mudadutsa anthu 50,000, ndipo pasanathe miyezi inayi chiwerengero chidafika miliyoni imodzi. M'zipata zija mudadzaza ogulitsa tizithunzi ndi tizikumbutso. Chidwi chitazirala, malowo adatchuka ndi akuba, akazi oyendayenda ndi osowa pogona. Mu 1865 kampani ya East London Railway idagula ngalandeyo, ndipo sitima yoyamba idadutsa pa 7 Disembala 1869. Apa pali chodabwitsa chimene olemba mbiri ya Brunel amachitchula monyadira, ndipo ali ndi chifukwa: njira imene idayezedwera ngolo za akavalo idalandira sitima za malasha popanda kuikuza.

Tsono ukalamba wa ngalande umayamba bwanji? Nyumba ikamakalamba aliyense amaona, mng'alu uwo, denga ilo lapendekeka. Ngalande imakalambira kumbuyo, kumene diso silifika. Madzi a m'nthaka amakanikiza usana ndi usiku, amapeza kanjira pakati pa njerwa, n'kumatsuka simenti pang'onopang'ono. Akatuluka amanyamula timchenga, ndipo kuseri kwa khoma kumatsala mphako. Utsi wa malasha uli ndi sulufule, amene akakumana ndi chinyezi amasanduka asidi wodya pulasitala ndi simenti. M'ngalande ya Brunel sitima za anthu zidafuka utsi kuyambira 1869 mpaka 1913 pamene zidayamba kuyendera magetsi, ndipo za katundu zidapitirira kudutsamo mpaka 1962. Kugwedeza kwa sitima kumasuntha chimene chamasuka kale. Njanji zimachita dzimbiri. Mifuleni yapansi imatsekeka ndi matope. Oyendera ngalande, ngakhale masiku ano a makina ounikira ndi makompyuta, amanyamulabe hamala n'kumagogoda khoma, monga amayi amagogodera mbiya pamsika: ikalira bwino njamoyo, ikalira mogonthera ili ndi mng'alu. Ndipo ntchito yonseyi imachitika usiku, m'maola ochepa apakati pa sitima yomaliza ndi yoyamba, chifukwa ngalande ilibe njira yapambali yopatutsirako anthu monga timachitira pokonza msewu wapamtunda.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo umboni wake uli m'ngalande ina ya m'dziko lomwelo. John Hawkshaw, injiniya amene adalowetsa njanji m'ngalande ya Brunel, ndiyenso adatsogolera kumaliza Severn Tunnel, ya makilomita 7, yolumikiza England ndi Wales. Mu 1879 okumba adaboola kasupe wamkulu wapansi amene adamiza ntchito yonse. Sadathe kumutseka. Adangomupatsa njira yake namumangira mapampu ku Sudbrook, ndipo kuyambira pamene ngalandeyo idatsegulidwa mu 1886 mapampuwo akhala akukoka madzi, malita pafupifupi 50 miliyoni pa tsiku. Mu 2016 idatsekedwa masabata 6 kuti aikemo zoyendetsera sitima za magetsi, ndipo chinyezi cha m'menemo chimadya zitsulo msanga kuposa za panja. Ku Rotherhithe nakonso nyumba ya injini imene Brunel adamanga pambali pa chitsime idali ya mapampu. Ngalande ya pansi pa madzi ili ngati bwato lodontha: woikwera saleka kukapa.

Pofika 1995 ngalande ya Thames idali itatumikira zaka 152. Njanji yake, East London Line, idali yaifupi ndi yonyozeka, yochokera ku Shoreditch kudzera ku Whitechapel kukathera ku New Cross ndi New Cross Gate, m'madera amene sadali a anthu olemera. Popeza ankamanga siteshoni yatsopano ku Canada Water yolumikiza njanjiyi ndi Jubilee Line, a London Underground adaona kuti mpata wapezeka wotseka njanji kamodzi n'kukonzeratu zonse. Njira imene adasankha imatchedwa shotcrete. Konkire amamukankha ndi mphamvu ya mpweya kudzera m'paipi, n'kumamuwaza pakhoma pamene amamatirira ndi kuuma msanga, popanda matabwa omugwiriziza. Njira imeneyi njachangu, njotsika mtengo, ndipo yapulumutsa ngalande zambiri pa dziko. Vuto lake nlakuti simasankha. Imaphimba chipata, nsanamira ndi zokongoletsa zonse mofanana, n'kusiya khoma la mabampu ngati chulu.

Mbali ziwirizo zidakhwimitsa makosi. Eni njanji adanena poyera kuti akaletsedwa kupopera konkire atseka njanji yonse mpaka kalekale. Mfundo yawo sidali yopepuka. Iwo ndi amene akadayankha mlandu madzi akadalowa sitima ili m'kati, ndipo madzi akalowa m'ngalande imodzi ya pansi pa mzinda sadziwa kuti malire a njanji iyi athera pati. Ankafunsanso kuti, kodi zipata zokongolazo amaziona ndani? Wokwera sitima amadutsamo kanthawi kochepa, mumdima, maso ali pa nyuzipepala. Oteteza zakale, pamodzi ndi bungwe la English Heritage, ankayankha kuti chinthu sichileka kukhala chamtengo wapatali chifukwa chili mumdima. Chishango cha Brunel ndicho chidabala chija James Henry Greathead adachikonzanso nakumbira njanji zozama za London, ndipo makina aakulu amene adaboola Channel Tunnel ndi zidzukulu zake. Mu 1991 mabungwe a mainjiniya a ku America ndi ku Britain adali atailemekeza kale ngalandeyi monga chizindikiro cha mbiri ya luso lawo. Nanga patangopita zaka zinayi mainjiniya omwewo aikwirire? Iwo sankakana kukonza. Ankakana kuti njira yokonzera njimodzi yokha.

Kunena zoona, pamene ndinkawerenga za mkanganowu mtima wanga unkapita kwa oteteza zakale, monga umachitira mtima wa wophunzira mbiri aliyense. Koma pali tsiku limene limandibweza. Pa 2 Disembala 2012, m'ngalande ya msewu ya Sasago ku Japan, zidutswa za denga la konkire, chilichonse cholemera kuposa tani imodzi, zidagwa motsatizana pa mtunda wa mamita oposa 100 n'kuphwanya magalimoto. Anthu 9 adafa. Ngalandeyo idatsegulidwa mu 1977; idali ndi zaka 35 zokha, khanda poyerekeza ndi ya Brunel. Zidutswazo zidapachikidwa pa mabawuti omatidwa ndi guluu kudenga, ndipo mabawutiwo adafooka osadziwika. Oyendera adali atadutsamo miyezi yochepa m'mbuyomo, koma pamwamba penipeni adangoyang'ana ndi maso, osagogoda. Kuyambira 2014 dziko la Japan lidalamula kuti ngalande ndi milatho ziziyenderedwa pafupi zaka zisanu zilizonse. Injiniya amene amaumirira konkire wochuluka sachita kudana ndi mbiri. Amakhala akuona m'maganizo mwake m'mawa wonga umenewo.

Ku London adagwirizana pakati. Kachigawo kakafupi ka kumapeto amodzi kadasiyidwa osakhudzidwa, kuti amene akufuna kuona ntchito ya manja a amisiri a Brunel akaione monga idalili. Mbali yotsalayo idavekedwa konkire ndithu, koma woumbidwa motsata maonekedwe akale, zipata ndi nsanamira zake zikuonekabe. Njira imeneyi idadya nthawi ndi ndalama zambiri kuposa yoyamba ija. Sitima zidayambanso kuyenda mu Malichi 1998.

Kodi amene adapambana ndani? Ena amati chimene chili m'menemo lero ndi chifanizo chabe, Brunel wa konkire. Ine sindikuona choncho. Nyumba ya kumudzi imaziridwa chaka ndi chaka, denga limafoleredwa udzu watsopano, koma palibe amene amati nyumba ya agogo idatha. Brunel mwini adamata njerwa zake ndi pulasitala. Nkhope imene alendo a 1843 ankaiona idali yozira, osati njerwa zenizenizo. Njerwazo zilipobe kuseri kwa konkire, ndipo zikadali pakati pa sitima ndi mtsinje. Chimene chikadatayika ndi shotcrete ndi maonekedwe, chikumbutso chakuti malo awa adamangidwira anthu oyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana uku ndi uku, ndipo chimenecho chidapulumuka.

Chimene sindingachikhululukire ndi nthawi imene mkanganowo udachitikira. Ngalandeyo sidatulukire mwadzidzidzi mu 1995. Idalipo kuyambira 1843, ndipo mabuku ankaitamanda. Zidatheka bwanji kuti chomanga chotchuka chotere chikhale kunja kwa kaundula mpaka tsiku loyamba ntchito? Ndipo eni njanji adatseka bwanji njira ya anthu asanamvane ndi amene ankadziwikiratu kuti adzatsutsa? Mlandu umene ukadakambidwa sitima zikuyenda udakambidwa sitima zitaima. Amene adalipira sadali mainjiniya kapena akatswiri a mbiri, koma munthu wa ku New Cross wogwira ntchito tsidya lina, amene kwa zaka zitatu ankadzukira basi yozungulira. M'mabuku onena za ngalandeyi muli maina a Brunel awiri, a Hawkshaw ndi a Mfumukazi. Munthu wa pa basi uja mulibe.

Wina anganene kuti izi nzakutali. Komatu njanji ya TAZARA, yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi ku Zambia, makilomita 1,860, ili ndi ngalande 22, zambiri mwa izo m'mapiri a pakati pa Mlimba ndi Makambako. Idamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975 ndi thandizo la China, ndiye kuti ngalandezo zakwanitsa zaka 50, zaposa kale msinkhu umene ya Sasago idagwera. Mu 2025 maboma a Tanzania ndi Zambia adasainirana pangano ndi kampani ya ku China lokonzanso njanjiyo. Nkhani zotere zikamalengezedwa timamva za mainjini atsopano ndi mabogi. Za munthu wa hamala ndi tochi amene adzalowe m'phiri kukagogoda denga sitimva.

Ngalande ya Thames idatsekedwanso mu Disembala 2007, ulendo uno popanda phokoso, kuti aikemo njanji ndi zizindikiro zatsopano. Ntchito ili pafupi kutha, pa 12 ndi 13 Malichi 2010, adalola anthu kuyendamo wapansi monga ankachitira makolo awo zisanabwere sitima, ndipo matikiti adatha msanga. Mu Epulo chaka chomwecho sitima za London Overground zidayamba kudutsamo, njanji ija yonyozeka itatalikitsidwa kumpoto ndi kumwera. Nyumba ya mapampu ya ku Rotherhithe tsopano ndi Brunel Museum, ndipo chitsime chija chidamira chokha mu 1825 adachiikira pansi pa konkire pamwamba pa njanji. Kuyambira 2016 anthu amatsikiramo pa masitepe atsopano kukamvera nyimbo, sitima zikugunda kunsi kwa mapazi awo, makoma akadali akuda ndi mwaye wa malasha. Woima kumapeto kwa pulatifomu ya ku Wapping akasuzumira amaona makomo awiri okhota akulowa pansi pa mtsinje, ndipo sitima ikachoka amamva madzi akuyenda m'mifuleni kupita ku mapampu.